Manda a eni amene a Nangozo anasesa

Mwezi uno chakwana chaka chiwaperekezereni a Nangozo ku bwalo la ndege, ali m'bokosi, ulendo wa kwawo ku Ntcheu. Ine mpaka lero sindinazolowere. Munthu amene Lachisanu madzulo anandikalipira pa foni chifukwa chowabwezera mbale yopanda chivindikiro, Loweruka m'mawa anangogwa m'khitchini, ketulo ili pamoto, osadzukanso. Madokotala anati ndi mtsempha wa m'mutu. Ife Amalawi a ku South Bend tinangoti kakasi m'khonde la chipatala, kumayang'anana, aliyense kudikira kuti mnzake anene kuti ndi bodza.

Pa mapemphero owatsanzika anthu anayankhula zabwino zokhazokha, monga timachitira pa maliro. Wina mpaka anati anali mayi wofatsa. Ndinatsala pang'ono kuseka. A Nangozo sanali ofatsa, ndipo akanamva akanadzuka kudzatsutsa. Chimene palibe anachitchula, poti ochidziwa tinali ochepa, ndi chimene ine ndi iwo tinachita pa manda a Ayuda ku Indianapolis, tsiku limene tinalanda nkhalamba ina mlongo wake womaliza tikuyesa tikuichitira zabwino.

Kwawo anali mphunzitsi wa pulayimale. Anabwera kuno atapuma ntchito, kutsatira mwana wawo wamwamuna amene ankaphunzira za unesi. Mwanayo atakwatira n'kusamukira kutali, iwo anakana kumutsatira, ati sangayambenso kuloweza misewu ya basi kachiwiri. Anatsala m'kanyumba ka lendi ka chipinda chimodzi, n'kumagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo, yomwe ambirife tinayambira. Uphunzitsi sunawachoke. Chilichonse ankalemba m'makope a ana a sukulu, ndipo uthenga wa pa khadi la ukwati ankaubweza atakonza zolakwika ndi cholembera chofiira. M'nyengo yozizira ankavala chijasi chofika m'maondo, nsapato zikuluzikulu, n'kumanga chitenje pamwamba pa zonsezo, ati chipale si chifukwa choti mzimayi aziyenda ndi buluku pagulu.

Mlendo aliyense wochokera kumudzi ankayamba wadutsa m'manja mwawo. Usanavule jekete amakhala atayamba kale: kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani, mayi ako ndi a kwa yani, nanga agogo ako aakazi anachokera kuti. Sankasiya mpaka atapeza pamene magazi ako, kapena ukwati wa winawake, ukukumana ndi iwo. Ine anandipeza kudzera mwa azakhali anga amene anaphunzitsa nawo sukulu imodzi ku Tsangano, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka mwana wawo, wotumidwa, wokalipidwa, komanso dalaivala, poti chiwongolero iwo anachikaniratu. Dzina langa sanalitchulepo, ankangoti Nabanda. Achinyamata ankawathawa, kuseri n'kumawatcha a Imigireshoni. Ana obadwira kuno, awa omva Chichewa koma oyankha m'Chingerezi, ankawagwira pamkono kuti ayambe atchula mudzi wa bambo awo asanalandire mbale.

Ndi abusa athu anayambana pa nkhani yomweyi. Abusa ananena paguwa kuti mafunso otere amadzetsa kusankhana mitundu. A Nangozo anawadikirira pakhomo la tchalitchi n'kuwauza kuti iwo safunsa kuti asankhe anthu, amafunsa kuti tsoka likadzagwa kuno kwa eni adzadziwe koimba foni. Anawafunsanso ngati pali wina mumpingo wonse amene akudziwa dzina la mlongo wa abusawo. Kenako anatuluka mu kwaya miyezi iwiri, mpaka abusa anachita kuwalondola kunyumba atanyamula thumba la malalanje.

A Mendel anakumana nawo kudzera ku ntchito. Anali Myuda wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, telala wopuma, wokhala yekha m'nyumba ya njerwa tsidya la mtsinje. Mkazi anamwalira, ana sanakhale nawo, miyendo inali itakana, ankayendera njinga ya olumala. A Nangozo anangowasandutsa a Mendulo, ndipo mkuluyo, amene anali atathamangitsa kale owasamalira anayi, anavomera dzinalo. Ankakangana tsiku lililonse. A Mendulo ankati mayiyu amathira mchere ngati wolipidwa kuti awaphe. A Nangozo ankati sanaonepo mwamuna wodandaula chonchi. Koma mwambo wa Chiyuda woti mbale za nyama zikhale pazokha, za mkaka pazokha, a Nangozo ankausunga mosaphonya, ati uyu ndiye mzungu woyamba kumuona wodziwa kuti mwambo n'chiyani.

Mafunso awo aja sanachedwe kuwafikira a Mendulo. Yankho linali lalifupi: palibe. Anabwera ku Amereka pa sitima ya pamadzi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ali ndi mayi awo okha, bambo atamwalira kale. Anakulira ku Indianapolis, ndipo mayiwo anaikidwa komweko. Abale onse anatsala m'katauni kena kum'mawa kwa Ulaya. Makalata ankabwera, kenako kunagwa nkhondo yachiwiri ija, makalata n'kusiya. Nkhondo itatha mayi awo analemba kulikonse, ndipo yankho limene analandira linali lakuti Ayuda onse a m'tauniyo anawatengera kunkhalango tsiku limodzi n'kuwawombera.

Madzulo a tsiku limenelo a Nangozo anafika kwanga n'kukhala pampando osavula chijasi.

"Nabanda, tsiku limodzi," anatero. "Mudzi wonse, ndi makanda omwe. Nkhondo imeneyi ndinkaiphunzitsa mu Sitandade 8, ndikulemba zaka pa bolodi. Sindinkadziwa chimene ndikulemba."

Iwowa anali ataika ana awo aakazi awiri m'zaka za matenda zija, choncho maliro sanali achilendo kwa iwo. Koma anati ife timaika mmodzimmodzi, ndipo timadziwa pamene aliyense wagona. Kenako anapukusa mutu, manja ali pamaondo.

"Sizingatheke kuti onse. Pamakhala mmodzi amene anali atapita kukatunga madzi."

M'mawa mwake anagula kope latsopano. Sankadziwa kuti ntchito yofufuza makolo amaiyamba bwanji kuno, choncho anaiyamba monga timachitira kwathu, kufunsa wamkulu amene akali moyo. Masana aliwonse akatha kudya ankakhala pafupi ndi a Mendulo, cholembera m'manja. Poyamba mkuluyo ankawauza kuti asamale za mapilisi, zinazo azisiye. Kenako mayina anayamba kutuluka limodzilimodzi, ena pakati pa chifuwa, ena akumetedwa ndevu. Mayi awo anali Hana, ndipo Hana anali ndi mng'ono wake wamkazi dzina lake Dina, amene ankamanga tsitsi ndi nsalu yobiriwira. Za Dina a Mendulo ankakumbuka zokhazo.

Zimene zinawazunguza mutu a Nangozo ndi mayina. Hana yemweyo pa pepala lina anali Anna, pa lina Annie. Tauni ija inali ndi mayina atatu, malinga ndi amene ankalamulira pa nthawiyo. Dzina la bambo awo, a Mendulo analidula pakati polowa usilikali, moti silinkafanananso ndi la mayi awo. A Nangozo anakhuthula bokosi la nsapato lodzaza mapepala achikasu n'kuwayala pabedi ngati akuika mayeso m'magulu. Ku laibulale mayi wina woleza mtima anawaonetsa kuti mayina a anthu okwera sitima zakale analembedwa ndipo akupezeka pa kompyuta. A Nangozo, amene ankaigwira kompyuta ndi chala chimodzi ngati ikutentha, anakhala pamenepo Maloweruka anayi. Lachisanu lake... ayi, ndi Loweruka lachisanu, anaupeza mzere uja: mzimayi ndi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pamalo pofunsa m'bale wotsala kumudzi panalembedwa Dina. Analuluta mu laibulale muja, anthu onse n'kucheuka, mlonda n'kubwera akuthamanga.

Mayi wa ku laibulale uja ndiye anawauza kuti asanalembe makalata ku Ulaya ayambe apeza dzina la bambo ake a Hana, ndipo kuti Ayuda amalilemba pa chiliza m'Chiheberi. Kunali kungopita kumanda, kujambula chiliza, a Mendulo n'kuwerenga.

Tinanyamuka Loweruka lina masamba akuyoyoka. Ulendo wa ku Indianapolis ndi wa maola pafupifupi atatu, minda ya chimanga mbali zonse, ndipo a Nangozo anandidraivitsa ndi pakamwa njira yonse. Polongeza ndinaona tsache ndi ndowa m'buti.

"Anti, izi n'zachiyani? Ndimayesa tikungokajambula."

"Manda a mayi wa munthu, zaka khumi ndi chimodzi mwana wake osapondako. Ukuganiza tikapeza zotani?"

Tinaima m'masitolo a pa Lafayette Road, anagula usipa ndi ufa monga mwa nthawi zonse, ndi nkhata ya maluwa a pulasitiki, ofiira ndi oyera. Manda ake anali kumwera kwa mzinda, aang'ono, akale, ozunguliridwa ndi mpanda wa waya, geti losakhoma. Panalibe munthu. A Nangozo anaima pageti, anaomba m'manja katatu n'kunena kuti zikomo eni kuno, ndife alendo.

Chiliza cha Hana tinachipeza pafupi ndi mpanda. Pamwamba pake panali timiyala, mwina makumi awiri, tina tosalala toyera, tina wamba ta mumsewu. Pa ziliza zina panalinso timiyala, koma tochepa. A Nangozo anatsonya, ati ana a kuno alibe mwambo, mpaka kusewera kumanda. Anayamba kutisesera m'ndowa. Atanyamula mwala waukulupo ndinaona kajumbo ka pulasitiki, m'kati muli pepala lokulungidwa, lomangidwa ndi ulusi wofiira.

"Anti, musagwire ndi manja."

Mawu amenewo ananena ndine, sindikana. Tonse awiri tinabwerera m'mbuyo. Kwathu chinthu chokulungidwa, chomangidwa ndi ulusi wofiira, choikidwa pamanda pansi pa mwala, sufunsa kuti n'chiyani. A Nangozo anathyola kamtengo n'kukankhira kajumboko panjira ya simenti. Kudzera m'pulasitikimo tinkaona zilembo zachilendo, zina zoyang'ana kumbuyo, ndi mzere wa manambala, ndipo zimenezo zinangotitsimikizira. Anati wina akufuna kumanga banja la a Mendulo, n'chifukwa chake munthu alibe mwana ngakhale m'bale. Anapemphera mwamphamvu, anatulutsa machesi m'chikwama, n'kukayatsa. Kanapsa msanga, kununkha pulasitiki.

Timiyala tija anakatitaya m'mbali mwa mpanda. Anatsuka chiliza ndi sopo, anazula udzu, anaika nkhata, tinaimba ndime imodzi ya nyimbo ya maliro, ine n'kujambula. Pobwerera anagona m'galimoto tulo ta munthu amene wagwira ntchito yabwino.

Lachitatu zithunzi zitatsukidwa ndinapita nazo kwa a Mendulo, a Nangozo ali pa shifiti. Mkuluyo anatenga galasi lake lokulitsira zilembo n'kuwerenga dzina la agogo ake pang'onopang'ono, kawiri, a Nangozo akulemba. Anapukuta maso. Kenako analoza nkhata ija n'kufunsa kuti waika ndani. A Nangozo anadziguguda pachifuwa.

"Zikomo," anatero a Mendulo. "Koma ife sitiika maluwa. Munthu akabwera kudzaona manda amasiya kamwala pamwamba, kuti zidziwike kuti kunabwera munthu. Pa mayi anga palibe, ndikuona. Angaike ndani?"

Ndinawayang'ana a Nangozo, ndikuwapempha ndi maso kuti angokhala chete. Anaika cholembera pansi.

"Inalipo miyala, a Mendulo. Ndinachotsa ndine."

"Ingati?"

"Yodzaza manja awiri."

Mkuluyo nkhope inayera ngati pepala. Anati anzawo onse a mayi ake anamwalira kalekale, ndipo sunagoge amene ankapempherako anatsekedwa. Palibe munthu m'dziko muno amene akanaika mwala pa Hana. A Nangozo sanadikire kufunsidwa, anafotokoza za kajumbo, za ulusi, za machesi. A Mendulo anawauza kuti ajambule zilembo zimene akukumbuka. Anajambula chimodzi chonga R woyang'ana kumbuyo.

"Chirasha," anatero mkuluyo. "Nanga manambala?"

Ndinayankha ndine, kuti ndikukumbuka oyambirira okha, 3, 1 ndi 7. Ndikutchula choncho ndinadzimva ndekha. Foni iliyonse ya ku Indianapolis imayamba ndi manambala amenewo, ndipo ine ndimawaimba sabata iliyonse. Munthu anasiya dzina lake ndi nambala yake ya foni pa manda a m'bale wake, kuti wina akadzabwera adzamuimbire, ife n'kuotcha ndi pemphero.

A Mendulo sanakalipe. Anatipempha kuti tituluke. Panja a Nangozo anagwira chitseko cha galimoto, n'kumangobwereza kuti mayo ine, mayo ine, motsitsa. Sindinawaonepo ali choncho, ngakhale tsiku limene analandira uthenga wa maliro a mchimwene wawo.

M'mawa mwake anapita ku ntchito monga mwa masiku onse, akuyembekeza kuthamangitsidwa. Mkuluyo anatha sabata osawayankhula, kupatula za mapilisi. Tsiku lachisanu ndi chitatu, akumuveka masokosi, anangoti, "Mukamupeze."

Loweruka lotsatira tinabwerera. A Nangozo anachotsa nkhata, anakwawa m'mbali mwa mpanda kutola timiyala, osadziwa kuti tawo ndi titi, ta mumsewu ndi titi, n'kutibwezera pa chiliza. Anasiya botolo la jamu lotsekedwa bwino, m'kati muli kalata ya m'Chingerezi ndi m'Chirasha, imene anawalembera dokotala wina wa kuchipatala chimene ndimagwirako. Anapita ku masunagoge a m'mizinda yonse iwiri atavala chitenje chawo cha Mvano, kufunsa ngati alipo amene amadziwa Hana. Anthu anawalandira bwino, anapachika chidziwitso, koma palibe anaimba. Rabi wina, amene ndi mphunzitsi wa chipembedzo chawo, anawauza kuti ambiri amaona manda chaka chawo chatsopano chikayandikira, chakumapeto kwa nyengo yotentha. Ife tinali titasesa nyengo imeneyo itangodutsa. Kunali kudikira chaka chathunthu, ndipo mtima wa a Mendulo madokotala anali atanena kale kuti watopa.

Iwo kudikira sankakudziwa. Lamulungu lililonse lachiwiri, tikatuluka m'tchalitchi, ankafuna ndiwapititse kukaona ngati botolo latsegulidwa. Ndikakhala pa shifiti ankakwera basi. Tsiku lina m'Januwale misewu itaundana ndinakana.

"Anti, lero sindingadraive. Atiwonetsa pa nyuzi kuti magalimoto akugwera m'maenje. Tipita wiki ya mawa."

"Wiki ya mawa munthu uja akhala alipo? Unanena kuti ndisagwire ndiwe, Nabanda. Machesi ndinayatsa ndine, koma pakamwa panali pako."

Zinandipweteka chifukwa zinali zoona. Ndinatha masabata atatu osawayankhula, ndipo iwo sanapepese. Tinagwirizananso tsiku limene anangofika pakhomo panga ndi mbale ya chigumu n'kundiuza kuti galimoto yanga ndi yauve.

A Mendulo anayamba kukonzekera mlendo. Anaitanitsa suti yawo yakuda kuti isitidwe, anaichepetsa okha m'chiuno ndi singano poti anali ataonda. A Nangozo akamalowa m'mawa, moni asanaperekedwe, mkuluyo ankafunsa liwu limodzi, "Foni?" Iwo ankayankha kuti ayi, n'kupita kukatenthetsa madzi. Anandiuza kuti pa ntchito yonse imene anagwirapo, kusintha matewera a akuluakulu ndi zina zonse, palibe chinawalemera ngati ayi ameneyo.

Anamwalira m'Ogasiti, m'mawa kukutentha, a Nangozo atawagwirira kapu ya madzi. Ayuda sachedwetsa maliro, anaikidwa mawa lake pafupi ndi mkazi wawo ku South Bend komwe kuno. Kunabwera amuna ochepa a ku sunagoge, okwanira pemphero. Pa nthawi yoti abale athire dothi rabi anayang'ana uku ndi uku, kenako anapereka fosholo kwa a Nangozo.

Foni ya a Nangozo inalira patatha masabata atatu. Anali mwamuna wa Chingerezi cholemera, ati wapeza botolo pa manda a mayi aakulu a mayi ake. Mayi akewo anali a Fira, mwana wa Dina. Dina uja sanali m'tauni tsiku la kunkhalango, anali atapita ku mzinda wina kukaphunzira unamwino, ndipo anathawira kum'mawa ndi chipatala chonse. Anasunga envulopu imodzi ya mkulu wake mpaka imfa, yolembedwa Indianapolis. A Fira ndi mwana wawo atapeza mwayi wobwera ku Amereka anasankha mzinda umenewo chifukwa cha envulopuyo, ndipo anali atakhala ku Lawrence, m'mphepete mwa mzindawo, zaka khumi ndi ziwiri. Dzina lodulidwa la a Mendulo sakanalidziwa. Manda a Hana anawapeza chaka chathacho, anapitako kangapo ndi zidzukulu, aliyense n'kuika mwala wake, n'kusiya kalata. Kenako a Fira anagwa n'kuthyoka chiuno, osapitakonso mpaka tsopano.

A Nangozo atandifotokozera ndinangokhala pansi pamene ndinaima. Zaka khumi ndi ziwiri, ulendo wa maola atatu. Azungu amati ana a munthu ndi mng'ono wake ndi makazeni, koma a Nangozo sanalole liwu limenelo. Dina anali mayi wamng'ono wa a Mendulo, choncho a Fira anali mlongo wawo, basi.

Tinapita ku Lawrence atanyamula kope lija, limene tsopano linali lodzaza, ndi zithunzi za a Mendulo. A Fira anali mayi wamfupi wa tsitsi loyera, woyendera chitsulo chogwirira. Anatiikira tiyi ndi jamu m'timbale. Anagwira chithunzi cha mlongo wawo nthawi yaitali n'kunena m'Chirasha, mwana wawo akumasulira, kuti makutu ndi a Dina. Kenako mwanayo anati kalata yawo yoyamba mwina inauluka ndi mphepo, zimachitika. Ndinawatsina a Nangozo pantchafu. Anachotsa dzanja langa, anatsika pampando ndi maondo awo otupa aja, n'kugwada pa kapeti.

Ananena zonse, za tsache, za ulusi wofiira, za zimene tinkaganiza kuti n'zimene zili. Za ine sanatchule. Mwamuna uja anaima pakati pomasulira n'kuwafunsa ngati akufunadi kuti anene zimenezo. Anati anene. A Fira anamvetsera mpaka pamapeto, maso ali pa mayi wogwadayo. Anafunsa mafunso awiri okha, kuti kalatayo inaotchedwa mwezi wanji, ndipo Mendel anamwalira mwezi wanji. Atamva, anadzuka, anayenda pang'onopang'ono ndi chitsulo chawo kulowa kuchipinda, n'kutseka chitseko. Tinadikira theka la ola. A Nangozo anasiya kope patebulo, ndinawadzutsa, tinabwerera ku South Bend.

Patatha masabata awiri, Lamulungu 3 koloko masana, foni ya m'nyumba mwawo inalira. Anali a Fira eni ake, opanda womasulira, ndi Chingerezi chawo chochita kutola. Sanapereke moni. Anafunsa kuti Mendel ankadya chiyani m'mawa.

Kuyambira pamenepo inkalira Lamulungu lililonse nthawi yomweyo, kwa zaka zitatu. A Nangozo ankasiya chakudya cha kutchalitchi pakati, ngakhale pa chinkhoswe, n'kundiuza kuti ndiwadrope msanga. Ankakhala pa kampando kopanda chotsamira pafupi ndi foni ya pakhoma n'kumafotokoza za a Mendulo: mmene ankalowetsera ulusi pa singano popanda magalasi, kanyimbo kamene ankang'ung'udza akamasambitsidwa, mawu amene ankatukwanira wailesi, mmene anachepetsera suti ija. Nkhani zitatha anayambiranso, ndipo akasintha pang'ono a Fira ankawakonza. Liwu loti ndakukhululukirani silinatuluke. Tsiku lina ndinawafunsa ngati sizikuwapweteka.

"Ndine ndani ine woti ndifunse zimenezo? Ndinamuotchera mlongo wake. Chimene ndatsala nacho choti ndimupatse ndi chimenechi."

A Nangozo anagwa Loweruka. Mawa lake azimayi tinadzaza m'kanyumba kawo, titakhala pansi, tikuimba. Foni italira ndinayang'ana wotchi n'kudziwa. Ndinawauza a Fira mwachidule momwe ndikanathera. Kenako anandifunsa ngati ndine mtsikana wa galimoto uja, ndipo ngati ndinkamudziwa Mendel. Ndinati ndinawaona kangapo. Anafunsa kuti ankaseka bwanji. Ndinafufuza m'mutu monse, koma ine sindinawamvepo akuseka.

Nyumba tinaikhuthula patatha masabata awiri, mwana wawo atabwera. Zovala zinapita kumudzi, mipando anagawana ophunzira atsopano, makope a mayina athu tonse anatenga abusa. Ine ndinatsalira kuti ndipereke makiyi kwa eni nyumba. M'chipinda munalibenso kanthu, makatani atachotsedwa, dzuwa likugwera pa kapeti pamene panatsala mabowo anayi a miyendo ya kampando kaja. Pakhoma, pambali pa foni, panali banga lakuda pamene duku lawo linkakhudza akatsamira. Foniyo inali isanadulidwe, ndipo ndinali nditaiwala kuti ndi Lamulungu.

Inalira 3 koloko yeniyeni. A Fira ankadziwa kuti m'nyumbamo mulibe munthu, ndinawauza ndine. Ndinaima pakati pa chipinda makiyi ali m'manja, ikulira, ikulira, mpaka inasiya yokha. Sindinayankhe. Ndinalibe nkhani ya a Mendulo yoti ndiwauze.